Ciyembekezo Cathu Pamanda

Aphunzitsi anzanga, maliro akagwa pamudzi wansembe ali kutali, maso a anthu atembenukira kwa mphunzitsi, pakuti ndiye adziwa kuwerenga. Cifukwa cace tiyenera kudziwa bwino cimene Mpingo wathu wa Anglikani uphunzitsa za akufa, kuti tingalankhule mopitirira kapena moperewera.

Makolo athu sanakaike kuti mzimu wa munthu ukhalabe ndi moyo. Nciani nanga cacilendo cimene Uthenga Wabwino unadza naco? Ndi ici: kuti thupi lomwe lidzauka. M'Buku la Mapemphero la caka ca 1662, phunziro lowerengedwa pa maliro licokera mu 1 Akorinto 15, mmene Paulo afanizira thupi ndi mbeu yofesedwa. Fanizo limeneli ana a alimi alimva msanga. Njere ya cimanga ikwiriridwa niionongeka, koma comera siciri mapira kapena mawere, ndi cimanga comwe cija, cokhala ndi maonekedwe ena. Momwemonso amene tamuika ndi yemweyo amene Mulungu adzamuutsa, ndi dzina lace, wopanda cifuwa cimene cinamupha.

Za nthawi ya pakati pa imfa ndi kuuka, Mpingo unena zocepa. Mfundo ya 22 mwa Mfundo 39 za caka ca 1571 ikana ciphunzitso ca Aroma ca Purigatorio. Koma ambiri a ife tikumbukira akufa athu pa guwa la nsembe pa 2 November, monga anatiphunzitsa ansembe a UMCA, ndi kuwapereka m'manja a Mulungu. Mwana akafunsa kumene kuli amace, muuzeni kuti ali m'kusunga kwa Kristu, alikudikira tsiku limene ifenso tilidikira. Musamjambulire nyumba ndi minda ya kumwamba (ena mwa ife ticita luso pa zimenezi), pakuti akadzakula adzazitaya, ndipo ndiopa kuti adzataya ndi coonadi comwe.

Cina cibvuta mitima ndico manda akutali. Alipo ana m'sukulu zathu amene atate ao anafera ku migodi, naikidwa ndi alendo, ndipo agogo awauza kuti mzimu wotere usowa pokhala. Akumbutseni za Bambo Leonard Kamungu, wansembe wocokera ku nyanja ya Nyasa, amene anafika ku Msoro mu 1911 namwalira komweko mu 1913, kutali ndi abale ace. Mpingo sumuyesa wosokera, koma ukumbukira dzina lace ndi ciyamiko.

Ndipo pamanda pakamveka manong'onong'o akuti, wamudya ndani, musacite nao mkangano pomwepo, anthu ali ndi misozi. Werengani phunziro lonse pang'onopang'ono, ndi mau omveka kufikira kwa amai okhala kumbuyo. Za kuombeza ula mukakambe ndi mwini mbumba m'mawa mwace, muli awiri.