Kunenepa konse si mtendere ai

Mau awa adayankhula ndi mtolankhani wathu pa msonkhano wa amai ochita geni pa msika wa Chiponde, m'boma la Mangochi. Tawasindikiza monga momwe adayankhulira.

Mundikhululukire kuti ndiyankhula m'Chichewa, poti Chiyao changa chingakuseketseni mpaka dzuwa kulowa. Ine sindine dokotala ai. Ndine mtolankhani chabe, ngakhale ku yunivesite komwe ndidapitako sindidamalize. Nkhani yomwe ndabwera nayo lero ndidaiphunzira pakhomo pathu pomwe, kaamba ka achemwali anga.

Achemwali angawo adali munthu wochangamuka, wodzuka tambala asanalire. Atabereka mwana wachiwiri adayamba kunenepa, ndipo anthu ankawayamikira kuti banja lawayanja. Koma eni ake ankadziwa kuti zinthu sizili bwino. Ankaodzera masanasana, ankamva kuzizira mwezi wa Okutobala anzao akusamba thukuta, khungu lidauma, tsitsi lidayamba kuthothoka, mau adasasa, m'mimba kudzimbidwa kosatha. Kuchimuna adayamba kunong'ona kuti mkaziyu ngwaulesi. Ena adati awalodza. Iwo adayamba kudzimana chakudya, kumwa madzi a mandimu m'mawa uliwonse, nkumagula tiyi wina wa m'mapaketi yemwe amati amaphwetsa thupi. Mpamba wa geni udathera komweko, thupi lili chomwecho. Padapita zaka ziwiri, banja litatsala pang'ono kupasuka, pomwe dokotala wina adawagwira pakhosi nalamula kuti ayezedwe magazi. Adapeza kuti chithokomiro chao chikugwira ntchito mofooka.

Ambirife tikamva zoti chithokomiro timaganiza za chotupa cha pakhosi chija. Koma chiwalocho munthu aliyense ali nacho, kutsogolo kwa khosi, chaching'ono, chooneka ngati gulugufe. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni omwe amalamula changu chomwe thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Mahomoniwo akachepa zimakhala ngati mbaula yomwe makala ake akuzilala: poto ali pamoto koma sakuwira. Matendawa amagwira amai kwambiri kuposa abambo, ndipo ena amayamba nawo akangobereka.

Zoyambitsa zake zazikulu zilipo ziwiri. Choyamba ndi kusowa kwa ayodini m'chakudya. Popanda ayodini chithokomiro sichingapange mahomoni, ndiye chimakula pofuna kukoka kochepa komwe kalipo, nkutupa kuja. Munthu wamkulu amafuna mamaikulogalamu 150 patsiku, mai woyembekezera 250. Ndi kanthu kochepa zedi, kotero kuti supuni yaing'ono imodzi ya ayodini ikhoza kumkwanira munthu moyo wake wonse. Vuto ndi lakuti dothi la kumapiri, kutali ndi nyanja yamchere, lidakokoloka ayodini kalekale, ndiye chimanga ndi masamba omera pamenepo amakhala opanda. Musanyengedwenso ndi usipa kapena utaka omwe amakwera nawo kuchokera ku Mangochi. Ndi ndiwo zabwino, koma nsomba za m'nyanja yathu zili ndi ayodini wochepa poyerekeza ndi za m'nyanja yamchere.

Nchifukwa chake maiko adaganiza zothira ayodini mu mchere, poti mchere umalowa m'nyumba ya wolemera ndi wosauka yemwe. Dziko la Switzerland lidayamba m'chaka cha 1922, America 1924. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la mchere wa ayodini m'chaka cha 1995, patangopita chaka chimodzi chisankho cha matipate chitachitika. Komatu lamulo limakhala pa pepala ku Lilongwe, mchere uli pa benchi pano pa Chiponde. Mchere wambiri womwe timadya m'Malawi muno umachokera kunja, wina umalowera pa chipata chathu chomwechi kuchokera ku Mandimba. Wothira ayodini ndi wosathira maso sangasiyanitse. Inu amai ogulitsa, muli ndi ufulu wofunsa amene akukupikulitsani thumba ngati mcherewo uli ndi ayodini, ndipo muziwerenga zolembedwa pa thumbapo. Mcherewo muziusunga m'chitini chotseka, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho, chifukwa ayodini amauluka. Amene amavutika koposa mchere ukakhala wopanda ayodini ndi mwana ali m'mimba, pakuti ubongo wake sukula bwino, ndipo zikatero sizibwezeka.

Pa chinangwa ndichenjezepo. Chinangwa chowawa chili ndi poizoni yemwe akalowa m'thupi amatsekereza ayodini kuti asafike ku chithokomiro. Makolo athu sadalakwe poviika chinangwa m'madzi masiku angapo ndi kuchiyanika mpaka chiumitsitse asanasinje. Nthawi ya njala ndi pomwe anthu amachita chidule, ndipo ngozi imakhala pomwepo. Koma za kabichi, repu ndi mpiru, zomwe ena amakuopsezani nazo, musataye nazo mtima. Zophika, mwa muyezo womwe timadyera tonse, zilibe vuto.

Chachiwiri, chomwe adapezeka nacho achemwali anga, ndi pomwe chitetezo cha thupi chimaukira chithokomiro cha mwini wake. Matendawa amatchedwa Hashimoto, dzina la dokotala wa ku Japan yemwe adawafotokoza m'chaka cha 1912. Apa mchere suchiza ai. Kuchulutsa ayodini kukhoza kuonjezera vuto, ndipo kuchulutsa mchere kumabweretsa matenda othamanga magazi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, yomwe ndi supuni yaing'ono imodzi.

Mankhwala ake ndi kapiritsi kotchedwa levothyroxine, komwe kamalowa m'malo mwa mahomoni osowawo, ndipo ambiri amamwa moyo wao wonse. Kamafuna m'mimba mopanda kanthu: kumwa ndi madzi okha m'mawa, nkudikira theka la ola kapena ola lathunthu musanamwe tiyi kapena phala. Mapiritsi oonjezera magazi omwe amapereka ku sikelo, ndiponso a calcium, muziwatalikitsa ndi maola anai. Soya nayenso amachepetsa kalowedwe ka mankhwalawa, choncho phala la soya lisatsatane ndi piritsi. Abale athu a Chisilamu, mwezi wa Ramadan usanafike kambiranani ndi dokotala za nthawi yomwera, kaya chakudya cha m'bandakucha chisanafike kapena pogona patapita maola atatu mutadya. Mai yemwe ali pa mankhwalawa akaima, athamangire kuchipatala msanga chifukwa kawirikawiri mlingo umayenera kukwezedwa. Ndipo inu omwe mudakhala kunja zaka zambiri ndipo ana amakutumizirani mapiritsi kuchokera ku Joni kapena ku Mangalande, musagawireko mnansi chifukwa choti naye akutopatopa. Mlingo amaudziwa poyeza magazi, muyezo wotchedwa TSH, ndipo akasintha mlingo amayezanso pakapita masabata 6 mpaka 8.

Tsopano za thupi, zomwe ndikudziwa kuti ambiri mwadzera. Ndikuuzeni chilungamo. Kufooka kwa chithokomiro nthawi zambiri kumaonjeza makilogalamu awiri mpaka asanu okha, ndipo ambiri mwa iwo ndi madzi omwe thupi lasunga. Mankhwala akayamba kugwira, amenewo amachoka. Otsalawo ndi a m'mbale. Achemwali anga zidawawawa kumva zimenezi, koma ndi zomwe zidawathandiza. Sadasiye nsima ai. Adachoka pa mitanda itatu kufika pa umodzi ndi theka, adabwerera ku mgaiwa, ndiwo zamasamba monga nkhwani ndi bonongwe zidatenga theka la mbale, nyemba, nandolo kapena usipa pambali. Tiyi wa masupuni anai a shuga adafika pa imodzi. Mandasi, zakumwa zotsekemera ndi tchipisi cha pa chiwaya zidasanduka za apo ndi apo. Ulendo wa kumsika womwe ankakwera kabaza adayamba kuyenda pansi. Thupi lidatsika pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, ndipo mphamvu zidabwerera. Kudzimana chakudya kuja kudangowaonjezera kufooka. Choopsa china ndi kumwa mapiritsi mopyola mlingo pofuna kuonda msanga: mtima umagunda mosalongosoka ndipo mafupa amafooka.

Inu abambo, mkazi akayamba kutopa, kuzizidwa ndi kunenepa mosadziwika bwino, musathamangire kwa ankhoswe kapena kwa sing'anga. Mperekezeni pa chipatala chathu chaching'ono pano, ndipo ngati nkofunika akutumizeni ku chipatala chachikulu ku Mangochi. Mukafika musaope kufunsa kuti, kodi a dokotala, sichingakhale chithokomiro? Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Alamu anga mpaka lero amachita manyazi akakumbukira dzina la ulesi lomwe adalola kuti abale ao apatse munthu wodwala.

Mafumu, ndalankhula nthawi yaitali ndipo amai akufuna kubwerera ku mabenchi ao. Omwe ali ndi mafunso ndikhala pansi pa mtengo wa mango uwo.