Nkhani Ziwiri Chingwe Chimodzi: Zimene Ndinaona mu Filimu ya Terra Sonâmbula

Awa ndi mau amene mmodzi wa mamembala a kalabu yathu ya omvera wailesi ku Malowera analankhula pa msonkhano wa pamwezi. Tawalemba monga momwe anawalankhulira, kuti amene sanabwere nawonso amve.

Mwandipempha kuti ndinenepo za filimu ija tinaonera kusukulu Loweruka lapitali, pamene aphunzitsi anabwera ndi kanema ndi batire la sola. Ine ndine mlimi wa chimanga ndi mtedza, sukulu ndinalekera kalasi 6, ndipo Chipwitikizi changa n'chogulira mchere pamsika. Koma filimuyi ndaionera katatu pa foni ya mlamu wanga, aphunzitsi andiwerengerako mbali zina za buku lake, ndiye ndili nazo zoti ndinene.

Titatuluka tsiku lija anthu anagawanika. Anyamata ena anati filimuyi ndi yogonetsa tulo, mulibe karate. Bambo wina anati ndi bodza lokhalokha, basi singayende pamadzi ngati bwato. Amayi ena anati anasokonezeka, chifukwa uku ukuona mwana ndi nkhalamba pamsewu, kuphethira kamodzi ukuona mnyamata wina ali m'ngalawa panyanja. Ine ndikuti kusokoneza kumeneko sikulakwitsa ayi. Anachita dala, ndipo phunziro la filimuyi lili pomwepo.

Poyamba tidziwe kumene inachokera. Filimuyi inatuluka mu 2007, ndipo anaikonza ndi mayi Teresa Prata, amene ubwana wawo anakulira kuno ku Mozambique. Nkhani anaitenga m'buku la Mia Couto, mlembi wobadwira ku Beira mu 1955. Bukulo linatuluka mu 1992, chaka chomwe a Chissano ndi a Dhlakama anasainirana mtendere ku Rome pa 4 Okutobala. Mu 2002, oweruza osankhidwa ndi a chionetsero cha mabuku cha ku Zimbabwe analiika m'gulu la mabuku 12 opambana a mu Africa a zaka za m'ma 1900. Dzinalo, Terra Sonâmbula, m'chinenero chathu ndiye kuti dziko loyenda lili m'tulo.

Tsopano nkhani yake. Nonse mumadziwa kupota chingwe cha khonje. Sutenga luzi limodzi ayi. Umatenga awiri, ili kulipota palokha, ilo palokha, kenaka kuwapiringiza pamodzi pantchafu. Filimuyi anailuka chimodzimodzi.

Luzi loyamba ndi la mwana uja Muidinga ndi nkhalamba Tuahir. Akuthawa nkhondo, achoka kumsasa wa othawa, akuyenda pamsewu wopanda anthu. Apeza basi yopserera, ija anzathu akumwera amati machimbombo, m'kati muli mitembo. Asankha kugona momwemo, poti chinthu chopsa kale palibe amene angabwere kudzachitenthanso. Pafupi ndi basiyo pali mtembo wina wosapsa, wa munthu woomberedwa, ndi sutikesi pambali pake. M'sutikesimo mwana apezamo makope olembedwa pamanja. Mwanayu sadziwa dzina lake lenileni, sadziwa mayi ake, sadziwa kwawo. Buku limanena kuti anadwala atadya chinangwa chowawa, mpaka anthu anafuna kumuika m'manda ali moyo, nkhalambayo ndiyo inaona kuti akupuma. Ife alimi tikuchidziwa chinangwa chimenecho. Nthawi ya njala munthu alibe masiku odikira kuti chiviikidwe bwino, ndipo ku Nampula mu 1981 anthu ambiri anauma miyendo chifukwa cha icho.

Luzi lachiwiri lili m'makope muja. Ndi nkhani ya mnyamata Kindzu, amene anachoka kwawo nkhondo itapasula banja lake. Ankafuna kulowa gulu la anaparama, aja ankamenya nkhondo ndi mikondo ku Zambézia ndi ku Nampula, pokhulupirira kuti mphini zimene anatemedwa zimabweza zipolopolo. Ali paulendo afika pa sitima yapamadzi yosiyidwa panyanja, ndipo m'menemo apeza mkazi ali yekha, dzina lake Farida. Amukonda. Farida ali ndi chilonda mumtima: anagwiriridwa ndi mzungu wa m'nyumba imene analeredwamo, anabereka mwana dzina lake Gaspar, ndipo mwanayo anasiyana naye. Pempho lake kwa Kindzu ndi limodzi, kuti akamufunire mwana wakeyo.

Mwaona? Uku mwana akufuna mayi, uko mayi akufuna mwana. Masana tikuyenda ndi Muidinga pafumbi, akatsegula kope tikulowa m'moyo wa Kindzu, akatseka tabwereranso m'basi. M'buku anachita kuwerenga bwino: mitu 11 ya pamsewu, makope 11 a Kindzu, mosinthanasinthana mpaka kumapeto. Luzi lililonse palokha ndi lofooka. Nkhani ya mwana yokha ikanakhala kuyenda ndi njala basi. Nkhani ya Kindzu yokha ikanakhala ya munthu wakufa amene palibe womukumbuka. Zikapotedwa pamodzi m'pamene mtima umayamba kugunda, chifukwa mwanayo ayamba kukhulupirira kuti Gaspar ndi iyeyo, ndipo iwe woonera uyambanso kufunsa kuti kodi n'zoona?

Pali chinthu china chimene ndinachizindikira nditaonera kachiwiri. Mapeto a Kindzu anatisonyeza kumayambiriro kwenikweni. Mtembo uja wa pambali pa basi ndi mwini makope. Ndiye kuti pamene tikumuona akupalasa bwato, akukonda Farida, akulonjeza, ife tikudziwa kale kuti pamsewu paja ndi pamene adzathere. Funso silikhalanso loti kodi apulumuka. Funso ndi loti kodi lonjezo lake lidzafika kwa mwini wake ngakhale iye atafa? Apa m'pamene ndikuyankha anyamata amene anati chikondi cha m'filimuyi n'chosakoma poti sichithera paukwati. M'mafilimu ambiri mwamuna amasonyeza chikondi pomenya adani n'kutenga mkazi. Muno chikondi ndi ntchito imene wapatsidwa, monga munthu akakusungitsa mbewu kuti ukaipereke kwa mbale wake kutali. Kindzu anafera panjira, koma mbewuyo inagwera m'manja mwa mwana. Popanda chikondi chake pa Farida, maluzi awiri aja sakanakumana. Ndiyo mfundo yomanga chingwe chonse.

Taonaninso amene akunena nthano ndi amene akumvetsera. Kwathu kuno agogo ndiwo amati padangokhala, ana n'kumayankha kuti tili tonse. M'basi muja zatembenuka. Mwana ndiye akuwerenga, nkhalamba ikumvetsera pamoto, ndipo poyamba inkangofuna makopewo kuti akhale okolezera moto. Nkhondo inatembenuza zinthu choncho. Koma pang'onopang'ono nkhalamba ija, imene inali youma mtima, iyamba kufewa, iyamba kukumbuka masiku ake akale a kunjanji. Awiriwa si pachibale, koma nkhani imene akuwerenga ikuwasandutsa bambo ndi mwana.

Tsopano za msewu. Amayi ena anafunsa kuti bwanji anthuwa akuyenda tsiku lonse koma akubwereranso pa basi yomweyo? Ena anaganiza kuti kanema wabwerera m'mbuyo. Iyayi. Nkhani ya pamsewu anaipanga yozungulira ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Anthu ali pomwepo, koma dziko lowazungulira ndilo likusintha, ndiye chifukwa chake akuti dziko likuyenda lili m'tulo. Nkhani ya m'makope ndiyo ikupita patsogolo, ya pamsewu ikungozungulira. Ndipo kuzungulirako kukutha pokhapokha mwana atadziwa kumene akufuna kupita, kunyanja kumene kuli mayi uja. Akumba pansi pouma, madzi atuluka, asanduka mtsinje, basi ija inafa kalekale inyamuka. Zotsatira zake sindinena, kuopa kuwalanda amene sanaonere.

Ndiye tifike kwa bambo aja anati ndi bodza. Bambo, ndikulemekezani, koma tiyeni tiyerekeze ndi mafilimu a ku Nigeria amene timaonera m'tinyumba ta vidiyo. Mmenemo zamatsenga zikamabwera pamakhala mphezi, utsi, maso ofiira ndi nyimbo yoopsa, kuti aliyense adziwe kuti apa pali ufiti. Mu Terra Sonâmbula chodabwitsa chimabwera mwakachetechete, dzuwa likuwala, ndipo anthu a m'nkhanimo sakuwa kapena kuthawa. Akumana ndi nkhalamba Siqueleto, yotsala yokha m'mudzi wopanda anthu, imene ikufuna kudzala anthu ngati mbewu kuti mudzi umerenso. M'buku muli bambo amene anaika mwana wake m'khola la nkhuku kuti anthu amfuti asamuone, mpaka mwanayo anayamba kusanduka nkhuku. Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Azakhali akadzuka m'mawa n'kunena kuti malemu agogo anabwera kutulo akudandaula kuti manda awo amera thengo, palibe amene amaseka. Timatenga makasu. Filimuyi ikulankhula chinenero chimenecho. Ndipo ndifunse: kutentha basi yodzaza amayi ndi ana, ndi basi kuyandama pamadzi, chovuta kukhulupirira n'chiti? Choyambacho chinachitikadi m'misewu ya dziko lino. Pamene zoona zafika poipa chotero, munthu amasowa mau wamba ozinenera.

Sindikunena kuti filimuyi ilibe pofooka. Ili m'Chipwitikizi, ndiye amayi athu ambiri anangoona zithunzi, kudalira aphunzitsi kumasulira. Luzi la Kindzu analifupikitsa kwambiri poyerekeza ndi buku, moti chikondi chake ndi Farida chimabwera mofulumira, munthu usanachizolowere. Komanso ndi nkhani ya kugombe la nyanja, pamene ambiri a ife nyanja yamchere sitinaionepo, madzi aakulu amene timadziwa ndi Zambezi ndi Cahora Bassa. Koma msewu uja ndi wathu ndithu.

Ndikutero chifukwa cha zimene zinachitika kunyumba kwathu usiku womwewo. Ine ndinabadwira ku Ukwimi, msasa wa othawa nkhondo m'boma la Petauke ku Zambia, mu 1990. Tinabwerera kuno mu 1994 ndili ndi zaka zinayi. Moyo wanga wonse mayi anga sananenepo za ulendo wothawa. Ukawafunsa ankangoti zinapita zimenezo, idya nsima. Loweruka lija anabwera nawo kudzaonera, anakhala kumbuyo, osanena kanthu. Titafika kunyumba anakhala pakhonde nthawi yaitali, kenaka anati, iwe, zija za kubwerera pamalo amodzi si bodza. Anandiuza kuti pothawa anayenda usiku uwiri m'thengo, mlongo wanga ali kumsana, ndipo m'mawa wachitatu anapezeka ali pa mtengo wa mpundu womwe anapumirapo tsiku loyamba. Pamtengo pomwepo ndi pamene anasiyana ndi mlongo wawo wamng'ono, amalume anga, amene anati abwerere kumudzi akatenge mbuzi. Sanaonekenso mpaka lero. Ine ndili ndi ana atatu, koma dzina la amalume amenewa ndinalimva koyamba usiku umenewo. Mayi amakhulupirira kuti mtengowo unawabweza dala kuti atsanzikane. Kodi ine ndiwauze kuti munangosochera chifukwa cha mdima? Sindingatero.

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake nkhaniyi anailuka pawiri. Ife obadwira kumsasa ndife a Muidinga. Tikuyenda, tikulima, tikukwatira, koma chiyambi chathu chili m'sutikesi ya munthu wina. Kusiyana kwake n'kwakuti makolo athu ambiri sanalembe makope. Makope awo ali m'mutu, ndipo chaka chilichonse tikuika m'manda awiri kapena atatu osawatsegula. Paja amati mau a akuluakulu amakoma akagonera, koma akagonera mpaka mwini wake kumwalira, adzatiuza ndani?

Choncho pempho langa kwa kalabu ndi ili. Tili ndi foni zojambula mau, tili ndi mphindi zathu pa wailesi. Tikamaliza kukolola, tiyeni tipite awiriawiri kwa agogo amene avomera okha, osakakamiza munthu, tikakhale pansi timvetsere. Tisakafunse kuti unali mbali iti, kapena anaotcha mudzi ndani, pakuti tonse tikumwa pachitsime chimodzi tsopano ndipo sitikufuna kutokosa zilonda. Tikafunse kuti munadutsa njira iti, munadya chiyani, munasiyana ndi yani, dzina lake anali ndani. Amene safuna kuti mau ake apite pa wailesi, tisunge m'kope la kalabu, kapena tipereke kwa ana ake okha. Ndipo agogo akanena kuti mkango unawaperekeza mpaka kumalire, kapena kuti malemu amuna awo anawalozera njira kutulo, wolemba alembe momwemo, asakonze. Ndapemphanso aphunzitsi kuti tidzaonerenso filimuyi mwezi wamawa, tiziimitsa kope lililonse likatha kuti amasulire bwino m'Chinyanja, amayi asatsalire.

Mwana wanga wamwamuna wotsiriza sitinamupatsebe dzina lachikulire. Mayi anga apempha kuti atenge la amalume aja, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tavomera.