Kusankha Wailesi Yolankhulirana ya pa Lole ndi Eriyo Yache

Madzulo ano ndifuna ticheze za wailesi ya mtundu wina. Si iyi mukundimvererayi, imene imangolankhula yokha inu muli chete ai, koma wailesi imene munthu amalankhulapo nayankhidwa, ndiponso angathe kuimanga m'lole kapena m'galimoto la katundu. Pa Chizungu amaitcha amateur radio, ndiye kuti wailesi ya anthu wamba amene aphunzira ntchito yache nalandira chiphaso cha Boma.

Kapena wina afunsa kuti, "Nanga wailesi nja chiani popeza foni iri m'thumba?" Kumbukirani za mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwa m'Chigawo cha Kummwera. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ku Nsanje ndi ku Blantyre anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Milatho inakokoloka, magetsi anazima, ndipo m'malo ambiri mafoni anangokhala chete. Foni imadalira nsanja ya kampani ndi magetsi a pa nsanjapo. Wailesi imene tikunenayi ifuna batire la galimoto ndi munthu wina womvera kutsidyako, basi. Chifukwa chache lole imene iri nayo ingathe kukhala pakamwa pa mudzi wonse pa tsiku la tsoka.

Musanatulutse ndalama, yambani mwatenga chiphaso. Kuno ku Malawi amene ayang'anira mafunde a wailesi ndi bungwe la MACRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1998. Kumvera kokha sikusokoneza munthu, koma kuulutsa mau popanda chiphaso ndi mlandu. Wolandira chiphaso amapatsidwa dzina la pa wailesi, ndipo maina a kuno amayamba ndi 7Q, monga a ku Zambia amayamba ndi 9J. Dzinali muyenera kulitchula polankhula. Dziwaninso kuti wailesi ya amateur si ya malonda. Simuloledwa kutsatsirapo fodya kapena nandolo, kuitanirapo makasitomala, kuimbirapo nyimbo, kapena kulankhula mobisa mau. Ngati mufuna wailesi yoyendetsera malole a bizinesi kapena a kalabu ya alimi, uzani a MACRA chomwecho, pakuti chimenecho nchiphaso china ndi mafunde ena. Safunsa anadya phula.

Funso lachiwiri ndi ili: mudzalankhula ndi yani, ndipo iye ali kutali bwanji? Yankho lache ndilo lidzakusankhirani wailesi. Kuno kwathu anthu a chiphaso chimenechi ngochepa, tsono wailesi yokhala yokha pa dera lonse iri ngati ng'oma yopanda ovina. Inu mafumu, ngati m'dera mwanu muli mwini lole wofuna zimenezi, mulimbikitseni kuti apeze anzache awiri kapena atatu a midzi ina, aphunzire pamodzi, nagwirizane nthawi yoitanirana tsiku ndi tsiku.

Mawailesi ake alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa VHF, umene kuno ku Africa umagwira pakati pa 144 ndi 146 MHz, ndipo eni ache amautcha wa mamita 2. Mafunde ache amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Pa chigwa, lole ndi lole zinzache zingamvane pa mtunda wa makilomita ngati 15 mpaka 30, koma phiri likaima pakati mau amaduka. Mukakwera pamwamba, monga pa phiri la Zomba kapena la Dedza, wailesi yomweyo ifika kutali kwambiri. Wachiwiri ndi wa HF, monga wa pa 7 MHz. Mafunde ache amapita kumwamba nabwerera pansi kutali, kotero kuti munthu wa ku Blantyre angathe kucheza ndi wa ku Mzuzu ngakhale pakati pali mapiri. Koma wailesi ya HF njodula, imadya batire, ndipo ifuna eriyo yaitali mamita 10, imene pa lole siitheka. Amaifupikitsa ndi waya wopota, ndipo mphamvu yambiri imathera mu waya wopotayo. Chifukwa chache kwa munthu woyamba ine nditi: yambani ndi VHF. Ya HF idzabwera mukazolowera, ndipo idzakuthandizani koposa itaima pamudzi ndi waya wa mamita 20 womangidwa pakati pa mitengo iwiri.

Posankha ya VHF musatengeke ndi kuchuluka kwa mabatani. Funani yolimba, yosaopa fumbi ndi mabampu, ya mawati 25 kapena 50, yokhala ndi malemba akuru ooneka padzuwa ndi sipika yomveka injini ikulira. Makampani a ku Japan monga Yaesu, Icom ndi Kenwood akhala akupanga zotere zaka zambiri. Zilipo zina zotsika mtengo za ku China, ndiponso tating'ono ta m'manja ta mawati 5 monga ta Baofeng. Kam'manjako nkabwino pophunzirira, koma mukakhala nako m'kati mwa lole chitsulo cha mutu wa lole chimatsekereza mafunde ngati nkhuku m'chitatanga. Mukakalumikiza ku eriyo ya padenga mudzadabwa kutalika kwa kumene kafika. Iri yonse imene mwasankha, funsani kaye ku MACRA ngati njololedwa musanaiitanitse kunja.

Tsono tifike pa mutu weni-weni wa nkhani yathu. Anthu ambiri amathera ndalama zonse pa wailesi, eriyo nkungotola iri yonse. Kumeneko nkulakwa. Wailesi ya mawati 50 ya eriyo yoipa imagonja kwa ya mawati 5 ya eriyo yabwino. Mukachulukitsa mphamvu kawiri, mnzanu kutsidyako sazindikira kusintha kweni-kweni. Kuti amve kusiyana pafunika kanai. Ndiponso mphamvu imathandiza polankhula pokha, pamene eriyo yabwino imathandiza polankhula ndi pomvera pomwe.

Eriyo yoyamba yabwino ndi kandodo kachitsulo kotalika ngati masentimita 49, ndiye kuti pafupi-fupi kuchokera pa chigongono kufika kunsonga kwa chala. Ilipo ina yaitali ngati mita imodzi ndi masentimita 30, imene imaponya mau kutali pang'ono pa malo a chigwa monga ku Chikwawa kapena ku Salima. Koma yaitaliyo imakola nthambi za mango ndi nsungwi m'miseu ya kumudzi, ndipo ikakhudza waya wa magetsi wolendewera ndi imfa. Kwa lole yoyenda m'mapiri ndi m'mitengo yaifupi ija ndiyo yabwino.

Malo ache ndi pakati peni-peni pa denga la mutu wa lole. Chifukwa chache nchakuti kandodo kaja ndi theka chabe la eriyo. Theka linalo ndi chitsulo cha denga chimene chiri pansi pache. Mukaimanga kumbuyo kwa mutu, pakati pa matumba a chimanga ndi zitsulo za bodi, kapena pansi pafupi ndi bampala, mau adzapita mbali imodzi, kwinako osamveka. Njira yolimba ndiyo kuboola denga, kupala utoto pang'ono kunsi kuti chitsulo chikhudzane ndi chitsulo, ndi kumata bwino kuti mvula isalowe. Ngati simufuna kuboola, pali eriyo za maginito zomangokhazika, koma sizigwira pa denga la aluminiyamu kapena la pulasitiki, ndipo nthambi ikazimenya zimagwa.

Waya wochokera ku eriyo kunka ku wailesi si waya wamba wa magetsi ai. Ndi wapadera, wa 50 ohm, monga wotchedwa RG-58. Musaupane ndi chitseko, musaupinde mwamphamvu, ndipo madzi asalowe kunsonga kwache. Mukatha kumanga, pemphani wodziwa ayese ndi kachipangizo kotchedwa SWR meter. Kakasonyeza 1.5 kapena kucheperapo, ziri bwino. Kakapyola 2, mphamvu ina ikubwerera m'wailesi, ndipo idzaitenthetsa. Musayese konse kulankhula eriyo isanalumikizidwe, pakuti wailesi ingapse nthawi yomweyo, ndipo ana asagwire eriyo wina akulankhula, chifukwa imaotcha.

Chotsiriza ndi magetsi. Mawailesi amenewa amafuna mavoloti 12 kufika ngati 14. Magalimoto ang'ono a katundu ali ndi omwewo, koma malole akuru ambiri ali ndi mabatire awiri opereka 24. Mukalumikiza wailesi ku 24, yatha. Musabenso magetsi pa batire limodzi mwa awiriwo, chifukwa limodzilo lidzafooka msanga nkuononga linzache. Gulani kachipangizo kotsitsa 24 kufika pa 12, kotha kupereka maampu 15 kapena kuposa, popeza wailesi ya mawati 50 imakoka maampu oposa 10 polankhula. Tengani magetsi ndi waya wonenepa, fyuzi iri pafupi ndi batire, osati pa kabowo koyatsira ndudu. Injini ikazima musacheze nthawi yaitali, mungagone m'thengo lole italephera kulira. Ndipo pa mseu woipa imani kaye musanagwire cholankhulira.

Tsono musaiwale dongosolo lache: chiphaso choyamba, kenaka anzanu olankhula nao, kenaka eriyo ndi malo ache, wailesi pambuyo. Yambani tsopano kunja kuli ngwee, muziyesana ndi anzanuwo sabata ndi sabata, kuti mudziwe zitunda zimene mau amafika ndi zigwa zimene amasowa. Mvula ikadzakula ndi milatho nkuduka, sipadzakhala nthawi yophunzira.