Madamu ang'onoang'ono: mawu a pamsonkhano wa alimi ku Katuli



Anthu akamva za Mangochi amaganiza za nyanja. Koma ife kuno ku Katuli nyanja ya Malombe ili kuseri kwa mapiri, sitingathirire nayo dimba. Madzi athu ndi a timitsinje tomwe timasefukira mu Januwale, koma pofika Okutobala amayi akufukula mchenga kufuna ndowa imodzi yokha.

M'chaka cha 2024 ng'amba ya El Niño itaotcha chimanga, boma lidalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi, ndipo Mangochi idali momwemo. Thandizo ndi labwino, koma thumba la chimanga silichedwa kutha.

Choncho tiyeni tikauze makomiti athu a VDC ndi ADC kuti pa ndalama za chitukuko za CDF pakhale za madamu ang'onoang'ono. Tikunena damu lenileni, lokhala ndi potulukira madzi osefukira, osati khoma la dothi lomwe mvula yoyamba ingalikokolole.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Tikamalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, damulo lidzadzaza ndi matope. Mafumu, tithandizeni kuika malire, ife tidzalepo vetiva ndi nsungwi mvula ikangoyamba.