Cirimwe m'Cigwa ca Luangwa

Mwezi wa October ukafika m'cigwa ca Luangwa, mtsinje waukuru uja umasanduka mcenga ndi maiwe owerengeka. Mvuu zimapanikizana m'madzi otsalawo, zamphongo ndi kumatemana ndi mano, kufikira zina kufa nazo zironda. Njobvu ndizo zocenjera: zimakumba mcenga ndi mapazi ndi citamba, ndipo zikacoka, anyani ndi nswala amadzamwa m'zitsime zomwezo. Mkango subvutika kusaka. Umangolalira pa njira ya kumadzi.

Nyengo yonseyi nswala zazikazi zimakhala ziri ndi bere. Zimaswa ca mu November, pamene mvula yoyamba iphukitsa msipu. Koma mvulayo ikacedwa, mkaka umacepa, ndipo ana ambiri saona Khrisimasi.