Nkhani Yokambidwa pa Msonkhano wa Pachaka: Boma la Oregon ndi Mabotolo Otayidwa



Ku America udindo wa zinyalala sugona kwenikweni pa boma lalikulu la ku Washington ayi, koma pa maboma a zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimadzipangira malamulo akeake.

M'chaka cha 1971 boma la chigawo cha Oregon, m'nthawi ya Bwanamkubwa Tom McCall, linakhazikitsa lamulo lakuti wogula mowa kapena zakumwa zoziziritsa kukhosi azilipira chikole cha masenti 5 pa botolo kapena chitini chilichonse. Akabweza chotengeracho kusitolo, ndalama yake imbwerera. Kubweza botolo kugolosale si chinthu chachilendo kwa Amalawi, koma kumeneko wogulitsa sanachite mwa kufuna kwake, linamkakamiza ndi lamulo. Chotero botolo lotayidwa m'mbali mwa msewu linasanduka ndalama, ndipo otola sanasowe.

Popita zaka masenti 5 aja anapepuka, anthu nayamba kuwanyozera. Apa ndi pamene boma limenelo liyenera kutamandidwa, pakuti silinangolemba lamulo n'kugona. Mu 2011 nyumba ya malamulo inalamula kuti ngati mabotolo obwezedwa achepera 80 pa 100 alionse kwa zaka ziwiri zotsatizana, chikole chikwere. Zinaterodi, ndipo pa 1 Epulo 2017 chikole chinafika pa masenti 10. Pofika 2019 mabotolo obwezedwa anali atapitiriranso 80 pa 100.

Mwa zigawo 50 za dzikolo, khumi zokha ndizo zili ndi lamulo lotere.