Tiyi wa Ngale: Chinangwa M'kapu ya Tiyi

Omvera a ku Thyolo ndi ku Mulanje amamdziŵa tiyi kuyambira ali m'munda, ndipo a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota palibe amene angaŵaphunzitse za chinangwa. Komatu ndi ochepa amene anaganizapo kuti mbewu ziŵirizi zingakumane m'kapu imodzi. Pa chilumba cha Taiwan, kum'maŵa kwa Asia, zinakumana ndithu, ndipo chakumwa chimene chinabadwa kumeneko chafalikira m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi. Eni ake amachitcha zhenzhu naicha, ndiko kunena kuti tiyi wamkaka wa ngale. Pachingerezi amati bubble tea, ena amangoti boba.

Ngale zimene akunenazo si za m'nyanja ayi. Ndi timibulu takuda, tokula ngati nsawawa, topangidwa ndi ufa wosalala wotchedwa tapioca, umene amaufinya kuchokera ku chinangwa. Ufawo amaukanda ndi madzi otentha pamodzi ndi shuga wofiirira, naubulunga. Timibuluto amatiphika kwa theka la ola kapena kupitirirapo, kenaka nkutiviika m'madzi a shuga. Tikapsa bwino timakhala tofeŵa koma tonyunduka m'kamwa, ndipo anthu a ku Taiwan amakunyadira kwambiri kunyundukaku. Tikakhala maola angapo timauma, motero wogulitsa wosamala amaphika pang'onopang'ono tsiku lonse. Ufa wambiri wa tapioca wopangira ngalezi umachokera ku Thailand.

Za amene anayambitsa chakumwachi pali mkangano. Mwini nyumba yomwera tiyi ya Hanlin mumzinda wa Tainan, a Tu Tsung-ho, ankanena kuti m'chaka cha 1986 anaona timibulu toyera ta tapioca pamsika, natiika mu tiyi. Nayo nyumba ya Chun Shui Tang mumzinda wa Taichung imati wantchito wake, mayi Lin Hsiu-hui, ndiye anathira timibulu mu tiyi wozizira ali pamsonkhano wa antchito, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mlandu unatenga zaka pafupifupi 10 m'makhoti, kufikira m'chaka cha 2019 pamene bwalo linagamula kuti chakumwachi chilibe mwini: aliyense angathe kuchipanga ndi kuchigulitsa.

Kukoma kwa tiyi ameneyu kwagona pa kamwedwe kake. Wogulitsa amathira tiyi, mkaka, shuga ndi madzi oundana m'chikho chotseka, nachikhutchumula mpaka pamwamba patuluke thovu. Ambiri amati dzina lachingerezi lija linachokera ku thovulo. Akatero amathira zonse m'kapu yoonekera m'kati, mmene ngale zakhala kale pansi, ndipo makina amamata kapuyo ndi pulasitiki. Wogula amaboola pamwamba ndi kapaipi kotakata kosongoka, kotero kuti akakoka, tiyi ndi ngale zimakwerera pamodzi. Munthu amamwa uku akutafuna. Chifukwa chake chakumwachi sachimwa mothamanga. Ana a sukulu akaŵeruka, antchito akapuma masana, anyamata ndi atsikana akafuna kocheza kosafuna ndalama zambiri, amagula kapu imodziimodzi, macheza nkumapitirira mpaka ngale yomaliza itapezeka pansi pa madzi oundana.

Koma akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere za chakumwa ichi ndi shuga. M'chaka cha 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira m'zakudya ndi zakumwa asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ndi magalamu 50, kapena masupuni ang'onoang'ono 12, ndipo bungwelo linaonjeza kuti kuchepetsa kufika pa masupuni 6 nkwabwino koposa. Kapu imodzi ya theka la lita, yothiridwa shuga wokwanira, ingathe kuyandikira muyeso wa tsiku lonse, pakuti shuga ali mu tiyi, alinso m'ngale, ndipo ngalezo nzokhutitsa ngati chinangwa chimene zinachokerako. Amene amamwa tsiku ndi tsiku amadziitanira kunenepa, kuwola kwa mano ndi matenda a shuga. Boma la Singapore linaliona vutoli, ndipo kuyambira mu Disembala 2023 linalamula masitolo akuluakulu ogulitsa zakumwa zotere kuti azionetsa chizindikiro chochenjeza pa zakumwa za shuga wambiri. Palinso chenjezo kwa makolo: ngale ingathe kutsamwitsa mwana wamng'ono, choncho si chanzeru kumpatsa.

Chokondweretsa nchakuti mwambo wa masitolo a ku Taiwan umapereka mphamvu m'manja mwa wogula. Asanathire kanthu, wogulitsa amafunsa kuti, “Shuga akhale wochuluka bwanji?” Wogula angasankhe wokwanira, theka, pang'ono chabe, ngakhale wopanda shuga nkomwe, angasankhenso kuchuluka kwa madzi oundana ndi kukula kwa kapu. Ozoloŵera amati shuga akachepa mpamene fungo la tiyi weniweni limamveka.

Tsono tiyi wa ngale si chakumwa chothetsa ludzu. Ntchito imeneyo nja madzi. Malo ake ndi a chitumbuwa cha pa tsiku la msika, chimene chimakoma chifukwa sichidyedwa tsiku lililonse. Womvera amene adzampeze pa ulendo amlaŵe ndithu, apemphe kapu yaing'ono ndi shuga wa theka, akhale pansi ndi mnzake, ndipo potafuna ngalezo akumbukire kuti akudya chinangwa.